PHUNZIRO: Kuona Chimwemwe Chaching'ono ndi Kuchisunga m'Ndakatulo Zazifupi

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziro ili, mai aliyense athe kutchula kanthu kamodzi kamene kanamukondweretsa m'sabata ino, ndi kukaika m'mizere itatu kapena inai imene angathe kuiloweza pamtima kapena kuilemba m'kope.

Mau oyamba

Amai okondedwa a Chigwirizano kuno ku Vubwi, ndi inu a ku Katete ndi ku Sinda, tikakumana pachitsime, kuchigayo kapena kusikelo ya ana, timayamba ndi moni, koma nkhani sizichedwa kukhotera ku mavuto. Timakamba za mtengo wa feteleza, nsapato za ana a sukulu, mseu woterera m'dzinja, ndi matenda a pakhomo. Zonsezi ndi zoona. Ambiri a ife sitinaiwale chilala cha 2024, pamene chimanga chinauma chisanabereke, kufikira Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February chaka chimenecho kuti dziko lili pa ngozi. Maboma 84 mwa maboma 116 a m'Zambia anakhudzidwa.

Tsopano yesani kuyankha funso ili mumtima: kodi dzulo chinakumwetulitsani n'chiani? Ambiri timayamba taganiza nthawi yaitali, ena yankho silibwera n'komwe. Chikhalirecho dzulo panali kanthu. Mwina mwana anati "amama" koyamba, mwina nsima inapsa bwino mlendo ali pakhomo, mwina msana unaleka kuwawa. Vuto limakhala masiku ambiri ndipo limatikumbutsa lokha kuti lilipo. Chimwemwe chaching'ono chimakhala kamphindi chabe, ndipo tikapanda kuchigwira chimapita osasiya phazi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Phunziro lathu ndi la njira imodzi yogwirira kamphindi kotere mphepo isanakatenge. Njirayo ndi ndakatulo yaifupi.

1. Amai ndinu alakatuli kale

Wina anganene kuti, "Ine sindinapite patali ndi sukulu, za ndakatulo ndi za aphunzitsi ndi a pawailesi." Tiyeni tikumbuke kumene tachokera. Amai athu ndi ambuya athu ankapeka nyimbo pamtondo. Awiri kapena atatu amaima mozungulira mtondo umodzi, misi ikutsika mosinthana, wina n'kuyambitsa mzere, anzake n'kuvomera. Nyimbozo zinali zazifupi, za mizere iwiri kapena itatu yobwerezabwereza, ndipo zinkanena zimene zinali kuchitika m'mudzi masiku omwewo. Chimodzimodzi nyimbo zotonthoza mwana kumsana, miyambi, ndi zilapi zimene ana amaphera madzulo pamoto. Zonsezi ndi mau ochepa osankhidwa bwino. Abale athu a kutsidya kwa malire, ku Mchinji m'Malawi ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ali ndi mwambo womwewu chifukwa ndife anthu amodzi.

Luso limeneli linadabwitsa ngakhale alendo. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayendayenda m'maiko a kuno m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ojambulira mau, ndipo mwa nyimbo zimene anajambula muli za azimai pamtondo. Nyimbozo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Amai amene anaziimba anali kungokonola mphale, osadziwa kuti mau ao adzakhalapo kufikira lero.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuziona. Choyamba, nyimbo zambiri za pamtondo zinali zodandaula: za mwamuna wosasamala pakhomo, za apongozi ovuta, za mitala. Pamtondo ndi pamene mai amatulutsira zakukhosi popanda womuletsa. Motero tinazolowera kuika zowawa zathu m'mau okoma, koma zokondweretsa sitinazipatse malo okwanira. Chachiwiri, masiku ano chigayo chatenga nchito yambiri ya mtondo. Chigayo chatipeputsira mapewa ndipo tikuyamika, koma m'phokoso la chigayo simupekedwa nyimbo. Malo amene amai ankapekera mau ao akuchepa. Ngati sitipeza malo ena, adzukulu athu adzadziwa dzina lathu chabe osadziwa chimene chinkatiseketsa.

2. Zimene anthu a kwina anachita

Ku Japan, dziko la zilumba kum'mawa kwa Asia, anthu akhala akulemba ndakatulo zazifupi kwa zaka mazana ambiri. Tingaphunzirepo kanthu kwa awiri mwa alakatuli ao.

Woyamba ndi Tachibana Akemi, amene anabadwa mu 1812 ndi kumwalira mu 1868. Ankakhala mumzinda wa Fukui ndipo anali wosauka. Analemba ndakatulo zazifupi 52, iliyonse yonena za chinthu chimodzi chimene chinkamukondweretsa. Nkhani zake zinali za m'nyumba: chakudya, mkazi wake ndi ana, mabuku, ndi maluwa a pakhomo. Mu 1994, patapita zaka 126 chimwalirire iye, Mtsogoleri wa America Bill Clinton anatchula imodzi mwa ndakatulozo polandira Mfumu ya Japan, Akihito, ku Washington. Mau a munthu wosauka onena za pakhomo pake anafika pamaso pa mafumu.

Wachiwiri ndi Masaoka Shiki, amene anabadwa mu 1867. Iyeyu anadwala chifuwa chachikulu cha TB chimene chinalowa mpaka m'mafupa a msana, ndipo zaka zake zomaliza anazithera pa mphasa, akudwazikidwa ndi amai ake ndi mlongo wake. Anamwalira mu 1902 ali ndi zaka 34. Ali chigonere choncho anapitiriza kulemba za zomera ndi maluwa zimene ankaziona pabwalo la nyumba yao. Chiphunzitso chake chinali chakuti mlakatuli alembe chimene maso ake aona, monga wojambula chithunzi. Ndiye anatchukitsa dzina lakuti haiku, ndakatulo ya mizere itatu imene lero imalembedwa m'zinenero zambiri pa dziko lapansi.

Onani kuti mmodzi anali m'umphawi, wina pa mphasa ya matenda. Onse awiri sanadikire kuti zinthu ziyambe zakhala bwino. Ndakatulo yaifupi siichilendo ngakhale kwa ife owerenga Buku Lopatulika. Masalimo onse 150 ndi ndakatulo, ndipo Salimo 117 lili ndi mavesi awiri okha.

3. Kodi zimenezi zili ndi phindu?

Mu 2005 katswiri wa za maganizo a munthu, Martin Seligman wa ku University of Pennsylvania ku America, pamodzi ndi anzake, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wao. Anapempha anthu ena kuti usiku uliwonse kwa sabata imodzi azilemba zinthu zitatu zimene zinayenda bwino tsikulo, ndi chifukwa chake. Atawafunsanso patapita miyezi 6, anapeza kuti anthuwo anali okondwa kuposa poyamba, ndipo zizindikiro za kukhumudwa zinali zitachepa, makamaka mwa amene anapitiriza chizolowezicho.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Mai amene akudziwa kuti madzulo afunika kutchula kanthu kabwino, amayenda tsiku lonse maso ali tcheru. Zili ngati kupita kukafuna bowa. Wongodutsa m'thengo saona kanthu, koma amene wanyamula lichero amaona pamene dothi latukuka pansi pa masamba. Bowa analipo kwa onse awiri.

Ndakatulo imaonjezera chinthu china pamwamba pa kungotchula. Posankha mau, mumabwerera ku kamphindi kaja ndi kukhalamo kachiwiri. Ndipo popeza mau ndi ochepa, savuta kuwaloweza ndi kuuzako mnzanu.

4. Mmene tingapekere

Njira yoyamba: sankhani kamphindi kamodzi. Musalembe za moyo wanu wonse, kapena za chaka chonse. Tengani chinthu chimodzi chimene chinachitika pa malo amodzi, pa nthawi imodzi.

Njira yachiwiri: nenani chimene munaona, munamva, munanunkhiza, munalawa kapena munakhudza. Tiyerekeze kuti mai wina wanena kuti, "Ndine wokondwa kwambiri chifukwa ana anga amandisangalatsa masiku onse." Mauwa ndi abwino, koma womva saona kanthu. Mufunseni kuti, "Mwana uti? Anachita chiani? Liti?" Akayankha, ndakatulo yatuluka:

Wabwera kusukulu,
wawerenga yekha mau
olembedwa pa thumba la feteleza.

Mau akuti "kukondwa" mulibe m'mizere iyi, koma mai aliyense amene anaonapo mwana wake akuyamba kuwerenga wamva kale chimene chili mumtima mwa mnzake.

Njira yachitatu: ikani zinthu ziwiri pafupi, womva azilumikize yekha.

Mvula yoyamba.
Mbuzi zathawira pakhonde,
mwana wathamangira pabwalo.

Njira yachinai: gwiritsani nchito mvekero. Chinenero chathu chili ndi chuma chimene zinenero zambiri zilibe chochuluka chotere, ndicho timau tonga mbee, psuu, bii, zii, phwii, gwa. Kamau kamodzi kotere kamagwira nchito ya chiganizo chathunthu.

Ufa pa mphasa, mbee!
Kumwamba kulibe mtambo.
Lero uuma.

Njira yachisanu: chotsani mau osafunika. Mukatha kupeka, nenani mokweza. Mau alionse amene mungawachotse tanthauzo osasintha, apeteni ngati gaga. Kawirikawiri mzere womaliza umene umafotokoza phunziro la ndakatulo ndi umene uyenera kuchoka, chifukwa womva wamva kale.

Njira yachisanu ndi chimodzi, kwa okonda kuwerengera: haiku ya ku Japan imakhala ndi maphatikizo 17, ndiye kuti 5 mu mzere woyamba, 7 mu wachiwiri, 5 mu wachitatu. Maphatikizo ndi tizidutswa ta mau timene timamveka mukamatchula pang'onopang'ono uku mukuomba m'manja: chi-mwe-mwe ndi atatu, nkhu-ku ndi awiri. Nachi chitsanzo:

Mvula yaleka,
ana ndi mbale zao
kuchulu: inswa!

Ombani m'manja muone: mvu-la-ya-le-ka, 5, a-na-ndi-mba-le-za-o, 7, ku-chu-lu-i-nswa, 5. Koma mau athu ambiri ndi aatali. Liu limodzi lokha lakuti "ndinakumbukira" latenga kale maphatikizo 6. Choncho musadzimange ndi chiwerengero. Ngati chikukuvutani, chisiyeni, ingosungani mizere itatu kapena inai yaifupi. Sikofunikanso kuti mizere ithere ndi mau omveka mofanana.

5. Nyengo zathu ndi nkhokwe ya ndakatulo

Alakatuli a ku Japan amakonda kuika m'ndakatulo liu limodzi losonyeza nyengo ya chaka. Ife alimi zimenezi sizitivuta, chifukwa moyo wathu umayenda ndi nyengo.

M'dzinja muli fungo la dothi mvula ikangogwa, inswa, bowa, mango akupsa, chiwawa chanthete, ndi chimanga chikuyamba ngaiyaye. M'masika muli dowe wootcha, maungu, nzimbe, nshawa zaziwisi zophika, ngolo ikulowa m'mudzi itadzaza, ndi mfutso uli padzuwa. M'chisanu cha June ndi July muli kuothera moto m'mawa, mbatata ya m'phulusa, ndi ndiwo za kudimba. M'chilimwe muli masamba atsopano ofiira m'mitengo ya m'mapiri, mthunzi wa mtengo wa mango masana, thobwa lozizira, ndi masuku pamene mvula yayandikira.

M'mawa wa July.
Mbatata yotentha m'manja mwa ambuya,
aiponya uku ndi uku, akuseka.

Palinso zosayembekezeka za pakhomo, zimene sizisankha nyengo:

Thadzi lidasowa masabata atatu.
Lero latuluka m'udzu
ndi anapiye asanu ndi awiri.

Mai amene apeka ndakatulo imodzi yokha pa sabata, pakutha pa chaka adzakhala nazo 52, chiwerengero chomwe chija cha Tachibana Akemi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

6. Nanga pa nthawi ya chisoni?

Funso ili ndi lofunika, chifukwa pakati pathu pali amasiye, pali olera ana a abale amene anatisiya, pali odwazika matenda a nthawi yaitali. Kodi tingawauze kuti azipeka za chimwemwe? Tisawakakamize, ndipo tisawaweruze akakhala chete. Kulira kuli ndi nthawi yake. Koma amene anadutsa m'chigwa chotere amachitira umboni kuti ngakhale mmenemo mumapezeka kanthu kamene kanawagwira dzanja. Nthawi zambiri kamakhala kakang'ono kwambiri.

Pamaliro, pakati pa usiku,
mnzanga wandifunditsa
theka la chitenje chake.

Ndakatulo yotere siibisa maliro. Imawatchula poyera, ndipo pambali pake imaika chitenje chija kuti nachonso chisaiwalike. Pakadzapita zaka, mai ameneyu akadzakumbuka usiku uja adzakumbuka zonse ziwiri.

7. Machenjezo atatu

Loyamba: kuona zabwino sikutanthauza kukhala chete pa zoipa. Ngati m'nyumba muli nkhanza, kumenyedwa, kapena mwana akuchitidwa zosayenera, nkhaniyo ipite kwa akulu odalirika, kwa amfumu, ndi ku Victim Support Unit ya apolisi. Ndakatulo siingalowe m'malo mwa chithandizo chotere. Chimodzimodzi, ngati mai wakhala masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa tsiku lonse, tulo osabwera, chakudya osachifuna, nchito zimene ankazikonda osazifunanso, aperekezedwe kuchipatala. Amenewo angathe kukhala matenda, ndipo chithandizo chake chilipo. Izi zimachitikanso kwa amai ena amene angobereka kumene.

Lachiwiri: tisasandutse ndakatulo kukhala njira yodzitamira. Ngati mwakolola matumba ambiri pamene mnzanu munda wake unakokoloka, ganizirani mmene mau anu amvekere kwa iye. Chimwemwe chaching'ono n'chokoma chifukwa aliyense angachipeze, wolemera ndi wosauka yemwe.

Lachitatu: tisatchule maina a anthu m'njira yowachititsa manyazi, ndipo tisaseke ndakatulo ya mnzathu. Mai amene waimirira koyamba kunena mizere yake watsegula mtima wake. Akasekedwa kamodzi sadzayesanso.

8. Mmene tingazisungire

Madzi akataika saoleka, chimodzimodzi mau amene sanasungidwe. Gulani kope laling'ono la ana a sukulu, mulisunge m'pepala la pulasitiki kuopa chinyezi ndi chiswe. Pa ndakatulo iliyonse lembani tsiku ndi malo, monga "kudimba" kapena "panjira yochokera kuchigayo".

Amai amene maso afooka kapena amene kulemba kumawavuta asatsalire. Nenani mizere yanu katatu kufikira italowa m'mutu, kenaka muuze mwana kapena mdzukulu akulembereni. Potero mwanayo aphunzira kulemba chinenero chake, ndipo adziwanso mtima wa ambuya ake. Amene ali ndi foni yojambula mau angathe kujambula mau ao enieni. Ndipo ngati mzere wina wakoma pakamwa, upatseni chuni, muuimbe posenda nshawa kapena potonola chimanga monga ankachitira amai athu pamtondo.

Gulu lililonse la Chigwirizano lingakhalenso ndi kope limodzi la onse, losungidwa ndi alembi. Pa msonkhano uliwonse amai awiri kapena atatu anene ndakatulo zao, mphindi zisanu zikwanira, ndipo alembi azilowetse m'kope. Pakutha pa chaka muwerenge zonse pamodzi. Mudzaona mbiri ya mudzi wanu imene siinalembedwe kwina kulikonse.

Mafunso okambirana m'magulu a anthu anai kapena asanu

1. Kodi ndi nkhani ziti zimene timakonda kukamba tikakumana? Mwa nkhani khumi, ndi zingati zimene zimakhala zokondweretsa?

2. Kodi alipo amene akukumbuka amai kapena ambuya ao akupeka nyimbo pamtondo? Ankaimba za chiani? Nanga lero timapekera kuti?

3. Tachibana Akemi anali wosauka ndipo Masaoka Shiki anali wodwala. Kodi zimenezi zikutiuza chiani ife amene timati tidzakondwa zinthu zikadzayenda bwino?

4. Kodi tingamuthandize bwanji mai wofedwa kapena wodwazika matenda kuti asaone ngati phunziro ili likupeputsa chisoni chake?

5. Aliyense atchule mvekero umodzi umene amaukonda, ndi chinthu chimene umamukumbutsa.

Nchito ya m'kalasi

Khalani awiriawiri. Wina afunse mnzake kuti, "Amai, chinakukondweretsani n'chiani chiyambire m'mawa?" Akayankha mau a chisawawa monga "zonse zili bwino", mufunseni mwaulemu kuti, "Munali kuti? Munaona chiani? Munamva chiani?" Kenaka thandizanani kuika yankholo m'mizere itatu. Mukatha sinthanani. Mtsogoleri apereke mphindi 15, ndipo ofuna okha ndiwo anene pagulu.

Nchito ya kunyumba

Kwa masiku asanu ndi awiri, musanagone, tchulani kanthu kamodzi kabwino ka tsikulo. Mwa tinthu tisanu ndi tiwiri timeneto sankhani kamodzi, mukaike m'mizere itatu kapena inai. Pa msonkhano wotsatira mubwere nako, cholembedwa kapena cha pamtima, ndipo mubwerenso ndi mnzanu mmodzi amene wakhala masiku osaoneka pagulu, kuti adzamve za anzake ndi kutiuzako zake.